Zingwe za Agogo Bwanali

Ndikawakumbukira agogo anga aamuna, Che Bwanali, chimene chimayamba kundifika ndi fungo la khonje wongopala kumene, fungo lowawasa lija lokakamira m'manja ngakhale usambe ndi sopo, kenaka phokoso la chikhatho chawo chikutsetsereka pamwamba pa bondo popota chingwe, kuyambira m'mawa nkhuku zisanamwazikane mpaka dzuwa litafika paliwombo. Ankakhala pakhonde la nyumba yathu yaudzu, kumudzi kwathu kufupi ndi boma la Machinga, mwendo umodzi atautambasula, nkhope atailozetsa kuphiri ngati pali chimene akuchionerera kumeneko. Koma sankaona kanthu. Maso awo anachita khungu ine ndisanabadwe.

M'nyumbamo tinalimo awiri basi. Agogo anali mkamwini pamudzipo. Anabwera kudzakwatira kuchokera cha kumalire ndi Mozambique, ndipo agogo aakazi atamwalira kunalibenso kwawo koti abwerereko. Eni mudzi sanawathamangitse, koma sankawaitananso pokambirana nkhani za pabanja. Mayi anga, mwana wawo yekhayo, anakwatiwa kachiwiri ku Balaka, ndipo popita anandisiya ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi kuti ndikhale maso a bambo awo. Chakudya ndinkakatenga kwa Abiti Yusufu, mng'ono wawo wa agogo aakazi, amene nyumba yawo inali kuseri kwa munda wathu wa nandolo. Anali mayi wapakamwa, koma mbale yathu sanaiphonyepo ndi tsiku limodzi lomwe.

Ntchito yanga inali ndodo. Ine ndinkaigwira kutsogolo, iwo kumbuyo, ndipo ndinkayenda ndikutchula zimene zili m'njira: mwala, dzenje, njinga, mbuzi yagona. Ankanditchula kuti a dalaivala. Ndikatengeka ndi zoonerera n'kuwagunditsa chitsa, ankaima n'kunena kuti, “A dalaivala, lero mwamwa chiyani? Laisensi ija tikulandani.” Tinkawoloka msewu wa tala wopita ku Zomba kupita kumzikiti, ine n'kutsala panja ndikulondera nsapato zawo. Tsiku la msika tinkakagulitsa zingwe kwa eni mbuzi. Nthawi zina m'mawa tinkakumana ndi ana ochepa ovala yunifomu, aja makolo awo ankatha kulipira fizi, ndipo agogo akamva mapazi awo ankandifunsa kuti anyamula chiyani. Ndinkayankha mwachidule kuti makope, chifukwa ndinkawachitira nsanje ndipo sindinkafuna kuti agogo aimve nsanjeyo m'mawu anga.

Agogo anali ndi kawailesi kakang'ono komangidwa ndi mphira, kamene mabatire ake ndinkawayanika padzuwa kuti abwerere mphamvu. Chaka chimene zinthu zinasintha m'dziko muno, azibambo awiri atatu ankabwera madzulo pansi pa mango wathu kudzamvera nkhani, ndipo n'chifukwa cha wailesiyo pakhomo pathu panayamba kumveka mawu a anthu. Ankatsutsana kuti mwa malamulo atsopanowo labwino koposa ndi liti. Wina ankati kutha kwa msonkho uja ankauthawira kuphiri. Wina ankati kutha kwa khadi yachipani, poti tsopano munthu ankalowa mumsika popanda womuimitsa pachipata. Agogo ankangoseka, dzanja likupota.

“Msonkho ine sunkandidziwa, wakhungu sasonkha,” ankatero. “Khadi akandifunsa ndinkawapatsa tikiti ya kuchipatala. Akakwiya ndinkati pepani bwana, mapepala onse kwa ine ndi amodzi.”

Tsiku limene wailesi inanena kuti sukulu ya pulayimale ikhala yaulere, kuti mwana aliyense apite ngakhale alibe yunifomu, dzanja lija linaima. Ndinatembenuka kuwayang'ana, chifukwa sindinazolowere kumva pakhomo pali zii choncho. Azibambo aja atachoka anandiuza nkhani imene anali asanandiuzepo. Ali mnyamata ankafunitsitsa sukulu, koma imene inalipo kwawo inali ya mishoni, ndipo bambo awo anakana kwamtuwagalu poopa kuti akamusintha dzina ndi chipembedzo. Anaphunzira zilembo za Chiarabu kumadrasa, koma kalata yochokera kuboma kapena chikwangwani cha basi sanawerengepo, ndipo pamene ankaganiza zophunzira ali wamkulu, maso anapita. Anaimaliza nkhaniyo n'kundituma kuti ndikatunge madzi.

Patapita masiku mayi anabwera kuchokera ku Balaka, atanyamula shuga ndi kanyenya, ndipo anakhala pamkeka ndi Abiti Yusufu kukambirana za ine, ine ndili pomwepo ndikutsuka mbale.

“Ana onse akukalembetsa, ndamva,” anatero mayi. “Koma Patuma yekha ayambe wadikira. Akapita, ababa awagwira ndodo ndani?”

“Ine ndiye musandiyang'ane,” anayankha Abiti Yusufu. “Ndiphike ndine, ndilime ndine, ndiyendetsenso alamu ndine? Boma likafuna mwanayu libweretse maso ena.”

Agogo ankangopota chingwe chawo. Mayi anawafunsa kuti, “Ababa, mwamva?” Iwo anangoti, “Ndamva, makutu ndiye ndili nawo.” Ine ndinapita kuseri kwa nkhokwe n'kukalira, ndipo ndinene zoona, tsiku limenelo ndinadana nayo ndodo ija ndi mwini wake yemwe.

Mayi atabwerera, agogo anayamba kupota ngati munthu wolandira oda yaikulu. Anandituma kukadula khonje kumalire a munda kawiri patsiku, mikono yanga n'kutuluka zidzolo chifukwa cha madzi ake oyabwa. Tsiku la msika linafika, iwo anakana kupita. Munthu wina anabwera kudzagula chingwe cha mbuzi, anamubweza. Kenaka anandiuza kuti ndidule mitengo yofika m'chiuno mwawo, ndiisongole, ndipo tinayenda pabwalo ponse, iwo akuwerenga mapazi, ine ndikukhoma zikhomo ndi mwala pamene andiuza. Ndinkaganiza kuti tikumanga poyanika zovala, ndipo ndinkadabwa kuti zovala zake ziti, poti tonse awiri zathu sizinkadzaza ndowa.

Zingwe zinali zinayi, zonse zochokera pamzati wa khonde. Poyambira chilichonse anamangapo mfundo zoti dzanja lizindikire. Cha mfundo imodzi chinkapita kuchimbudzi, cha ziwiri pansi pa mango, cha zitatu pamtsuko wa madzi osambira asanaswali, ndiko kupemphera kwathu kwa Chisilamu. Cha mfundo zinayi chinali chachitali kuposa zonse. Chinkadutsa m'mbali mwa munda wa nandolo, n'kutsata kanjira, mpaka pachikhomo chomaliza m'mphepete mwa tala. Atamaliza anandiuza kuti ndikhale pansi ndipo ndisayankhule kanthu. Anasiya ndodo pakhonde, n'kuyenda chingwe chilichonse kupita ndi kubwera, okha, chala chikutsetsereka pakhonje, milomo ikuwerenga chamumtima. Pobwera komaliza anati, “A dalaivala, ntchito yatha. Mawa mundiyendetse ulendo umodzi wokha.”

M'mawa mwake anavala mkanjo wawo woyera wa Lachisanu, ngakhale linali Lolemba, ndipo anati tipite kusukulu. Kunali ana ngati nyerere, ena aang'ono ongosiya kumene bere, ena anyamata a mawu okhuthala. Aphunzitsi ankalemba maina pansi pa mtengo, ndipo mwana aliyense ankamuuza kuti adutsitse dzanja pamutu n'kugwira khutu la mbali inayo, kuti aone ngati wakula mokwanira. Ine ndinali ndi zaka khumi, moti ndinaligwira khutu mpaka kunsi kwake, anthu n'kuseka. Agogo sanaseke. Anafunsa kumene kunali mphunzitsi, n'kulozetsa nkhope komweko.

“Aphunzitsi, dzina lake ndi Patuma. Mulisintha?”

“Iyayi bambo, tilemba lomwelo.”

“Nanga fizi, zoona kuti kulibe? Kapena mudzatiuza pakati pa chaka?”

“Kulibe, ndi lamulo la boma.”

“Diresi lake ndi lomwe wavalali. Nsapato alibe.”

“Abwere mmene alilimu.”

Kenaka anafunsanso za dzina zija kachiwiri, ngati munthu wogula ng'ombe amene sakukhulupirira mtengo wake. Poti panalibe wowabwezera kunyumba, tsiku lonselo anakhala patsinde la mtengo wina chapatali, mkanjo woyera uli mbee pakati pa fumbi, akumvetsera ife tikukuwa a, e, i, o, u. Pobwerera anandiuza kuti ndiwabwerezere zonse, ndipo pamene ndinalakwitsa anandikonza.

Abiti Yusufu atamva anabwera chitenje chili m'manja. Anayankhula zambiri, koma mawu amene ndinawasunga ndi omaliza. “Chabwino alamu, mwapambana. Koma tsiku limene mudzagwe kapena kusochera, ndidzaitana mayi ake, ndipo sukulu ya mwanayu idzathera pomwepo. Ine maliro a munthu wogwera m'dzenje sindiwafuna pakhomo pano.” Agogo anavomera kuti zikhale choncho.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ndinkawaikira madzi mumtsuko, khonje pafupi ndi mwendo, wailesi pamwala, n'kuthamanga. Azibambo aja anali atasiya kubwera, poti nkhani zotentha zinali zitatha. Chingwe sichikanatha kuwoloka tala, choncho kumzikiti masana ankapita pokhapokha wodutsa akawamvera chisoni n'kuwawolotsa. Masiku ambiri sankapezeka wotero, ndipo ankaswali okha pakhonde. Ine zimenezi sindinkaziganizira. Mutu wanga unali pa mavuto anga: ndinali chimtsikana chachitali pakati pa tiana ta sitandade wani, ankandinena kuti mayi a kalasi, ndipo anzanga a msinkhu wanga, amene anali m'makalasi apamwamba, sankandilola m'masewera awo.

Atsikana amenewo ankakonda kudumpha chingwe pa nthawi yopuma, koma chawo chinali cha luzi, chongodukaduka. Tsiku lina mmodzi anati, “Iwe si kwanu kuja kuli zingwe bwalo lonse? Ukabweretse, udzadumpha nawo.” M'mawa mwake, ndikupita kusukulu, ndinaima pakati pa chingwe cha mfundo zinayi, kuseri kwa nandolo kumene agogo sakanandimva, ndipo ndinadula chigawo cha pakati pa zikhomo ziwiri ndi lezala. Ndinadziuza kuti chingwe chimenecho sachigwiritsa ntchito m'mawa, kumsewu amapita masana, ndipo ine ndikhala nditabwera kale n'kuchilumikiza. Tsiku limenelo ndinadumpha mpaka miyendo kuwawa. Atsikana anandiitana ndi dzina langa koyamba. Titaweruka tinapitiriza, ndipo ndinadzidzimuka nditamva kuitana kwa swala ya masana kumzikiti.

Nditafika pakhomo, pakhonde panalibe munthu. Khonje anali mmene ndinamusiyira, wailesi ili pamwala, ndodo itatsamira khoma. Ndinayang'ana kuchimbudzi ndi pansi pa mango. Kenaka ndinatsata chingwe chachinayi mpaka pamene ndinadula paja. Pansi panali zizindikiro za manja, pamene munthu anafufuza m'fumbi uku ndi uku, ndi mapazi olowera m'munda.

Ndinawapeza m'kachigwembe kouma kamene madzi a mvula anakumba pakati pa nandolo. Anakhala pansi, miyendo atapinda, kofia ili m'manja, thukuta litauma n'kusiya mizere yoyera pankhope. Pamsongolo panali bala, magazi atagwirana kale, ntchentche zikuzungulira. Inali nyengo yotentha ija mango asanapse, ndipo pamalopo panalibe mthunzi woti n'kubisa ngakhale nkhuku. Chimene chinandipweteka koposa n'chakuti kuchokera pamenepo ndinkamva bwinobwino Abiti Yusufu akusinja chimanga kuseri kwa mpanda wawo, akuyimba. Akanangokweza mawu kamodzi, akanamveka.

“Ndi a dalaivala?” anafunsa motsitsa. “Yankhulani pang'onopang'ono.”

“Agogo, mwakhala pano kuyambira liti?”

“Belu lanu loyamba lija ndalimvera pano.”

“Bwanji osaitana?”

“Ndiitane ndani? Ukudziwa amene akanabwera, ndipo ukudziwa chimene akanachita.” Anatambasula dzanja. “Ndidzutse. Tidzere kuseri, asatione.”

Ndinawatsuka balalo ndi madzi a mchere n'kulimanga ndi nsanza, ndikulira mosatulutsa mawu. Iwo anamwa madzi makapu atatu motsatizana. Ndinawafunsa chimene ankakachita kumsewu m'mawa choncho, ndipo anayankha ngati nkhani wamba kuti amapitako tsiku lililonse ine ndikangonyamuka, kukaima pachikhomo chomaliza kumvera ana akupita kusukulu, poti mapazi anga amawadziwa pakati pa ena onse. Atafika podukapo anaganiza kuti chingwe changogwa, anasiya mbali imene anagwira kuti afufuze pansi, ndipo atadzuka sanadziwenso kumene kunali nyumba.

Ndinatulutsa chingwe chija m'thumba la makope n'kuwaika m'manja. Anachipapasa kunsonga, pamene lezala inadutsa mosalala, ndipo anadziwa kuti si mbuzi kapena chiswe. Ndinayembekezera mbama, ndipo ndikanailandira mosangalala. Iwo anangofunsa kuti, “Chimadumphika bwino?” Kenaka anati, “Ukanandipempha, ndikanakupotera chako. Ichi n'chokhuthala, chimapweteka akakolo.” Madzulo Abiti Yusufu ataona nsanza pamwendo, agogo anawauza kuti anadzikanda ndi chikhomo, ndipo anapirira kukalipiridwa kuti ndi nkhalamba yosasamala. Titatsala awiri anandiuza kuti tikalumikize chingwe chija, ndipo anamanga okha mfundo ziwiri zazikulu, zolimba ngati mwala. Loweruka lake anandipotera chingwe chodumphira, chopyapyala, chokhala ndi timitengo togwirira.

Zaka zisanu ndi zitatu ndinapita kusukulu ndikudutsa pa mfundo ziwiri zimenezo. Sitinaikambenso nkhaniyo. Nditakhoza mayeso a sitandade eyiti, anandisankhira kusekondale yoyendera ku Balaka, kumene ndikanakhala ndi mayi. Ndinawauza agogo kuti sindipita, poti tsopano ndikhala ndikuchoka miyezi, osati maola. Anakwiya, ndipo kanali koyamba kuwaona atakwiya nane. “Ndinakhala padzuwa tsiku lija kuti udzathere pano?” anatero. Abiti Yusufu, amene ukalamba unali utawafewetsa pang'ono, analonjeza kuti mbale azidzaipereka okha pakhonde.

Pa tchuthi china ndinawapeza ataonda, dzanja likunjenjemera moti zingwe zawo zinayamba kutuluka zopotoka. Pakhomo panali zii, udzu utamera paliponse kupatula timinjira tinayi topyapyala pansi pa zingwe. Ndinawawerengera nyuzipepala yakale imene ndinakulungira sopo, ndipo anandiuza kuti ndiwerenge zonse, ndi zotsatsa malonda zomwe. Kenaka ndinawafunsa funso limene linkandivuta kwa zaka: ngati sanadandaulepo ndi lamulo lija, poti ndi limene linawalanda womuyendetsa ndi wocheza naye.

“Kusungulumwa ndiye ndimasungulumwa, ndisakunamize,” anatero. “Tsiku limatalika. Nthawi zina ndimayankhula ndi nkhuku. Koma walira mvula walira matope. Ine ndaona maboma atatu, la azungu, la khadi, ndi lino. Onse ankabwera pakhomo kudzatenga kanthu. Lamulo ili lokha ndi limene linatenga chinthu changa n'kuchibweza chitawonjezeka. Linanditengera maso, lawabweza akudziwa kuwerenga.”

Anamwalira ndili folomu thiri, mkati mwa sabata. Kwathu maliro sagonera, choncho pamene uthenga unkandipeza ku Balaka n'kukwera minibasi kudzera pa Liwonde, anali ataikidwa kale. Ndinafika anthu atabalalika. Zingwe zinali zikadalipo. Zitatu zinali zotuwa ndi dzuwa ndi mvula, koma cha mfundo zinayi chinali chakuda, chosalala, chonyezimira ndi mafuta a dzanja kuyambira pakhonde mpaka kumsewu. Abiti Yusufu anandipeza nditachigwira. “Ankapitabe m'mawa uliwonse,” anatero. “Ndinkawauza kuti alamu, mwana wanu uja ali ku Balaka, mukukamvera chiyani? Ankati ndikukamvera ana a eni ake.” Ndinatseka maso n'kuyenda chingwecho ndekha, ndipo ndinapunthwa katatu pa mtunda umene iwo ankauyenda tsiku ndi tsiku popanda wowauza kuti apa pali mwala.

Lero ndine mphunzitsi kuno ku Balaka, ndipo ndimaphunzitsa sitandade wani mwa kufuna kwanga. Ndikamva anthu pawailesi kapena m'minibasi akukambirana malamulo a boma amene anawathandiza pa moyo wawo, ena akutchula mankhwala aulere, ena makuponi a feteleza, ine ndimatchula sukulu yaulere, ndipo ndimanena ndi mtima wonse, chifukwa popanda lamulo limenelo bwenzi dzina langa lomwe ndisakulidziwa papepala. Koma mawu akuti yaulere amandikakamira pakhosi. M'kabati yanga ya kusukulu ndimasunga chidutswa cha khonje wakuda chokhala ndi mfundo ziwiri zazikulu, ndipo chaka chilichonse pamakhala mwana wofunsa kuti madamu, chingwe chonyansachi n'chachiyani. Ndimamuuza kuti ndi fizi yanga, ndipo anandilipirira ndi munthu amene anakhala padzuwa kuyambira belu loyamba mpaka masana, pakamwa atatseka, thandizo lili kuseri kwa mpanda.